Utoto wa pa dziko lakutali: n'chifukwa chiyani ungakhale wodula?

Mlongo wina wa ku Rosettenville, ku Joni kuno, wanditumizira imelo. Akulemba nthano ya m'tsogolo, ya anthu amene anasamukira pa pulaneti lina, ndipo nkhani yonse yagona pa utoto wonyikira nsalu wochokera ku kachilombo ka kumeneko. Funso lake n'lakuti: anthu oyenda pakati pa nyenyezi angalimbiranenji utoto?

Achemwali, funso lanu ndi lolemera, ndipo mbiri ya dziko lathu lomweli ikuvomereza nkhawa yanuyo. Utoto wa chibakuwa, wonga uja ankagulitsa Lidiya wa m'buku la Machitidwe, unkachokera ku nkhono za m'nyanja ya Mediterranean, ndipo mzinda wa Tyre, ku Lebanon, unatchuka nawo. Mu 1909 katswiri wina, Paul Friedländer, anaswa nkhono 12,000 n'kupeza magalamu 1.4 okha a utotowo. Koma nthawi imeneyo zinthu zinali zitasintha kale. Mu 1856 mnyamata wa zaka 18, William Perkin, akuyesa kupanga kwinini, anatulukira utoto wa chibakuwa kuchokera ku phula la malasha. Mu 1897 kampani ya BASF inayamba kugulitsa indigo (utoto wa buluu umene kale unkachokera ku chomera) wopangidwa m'fakitale, ndipo ulimi wa indigo ku India unalowa pansi. Tsono ngati anthu anu ali ndi zombo za m'mlengalenga, akatswiri awo akhoza kukopera utoto uliwonse mosavuta. Kusowa kokha sikukwanira.

Mufunika chifukwa china. Lamulo lingathandize, monga mafumu a ku Roma ankaletsera anthu wamba kuvala chibakuwa chenicheni. Koma ine ndingakonde kuti utoto wanu ukhale wamoyo: tizilombo tosaoneka ndi maso tikhalebe m'nsalumo, tizisintha maonekedwe ake malinga ndi kutentha kwa thupi la wovala, ndipo tizifa tikangochoka mu mpweya wa pulaneti lawo kwa nthawi yaitali. Zoterozo fakitale singazitsanzire, ndipo nsaluyo imasanduka chinthu chofuna kusamalidwa tsiku ndi tsiku.

Pamene ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi apa: akutola utotowo ndani? Ku Sidon, ku Lebanon, kuli chulu cha zigoba za nkhono zija mpaka lero. Nkhonozo ankaziwoletsa m'mitsuko, fungo lake losapiririka, ndipo amene ankanunkha nalo si amene ankavala nsaluyo. Ife okhala ku Joni kuno sitikusowa wotifotokozera. Golide atapezeka mu 1886, agogo athu ankabwera kudzera ku Wenela, n'kumaswa miyala yochuluka kuti patuluke timagalamu towerengeka, ambiri n'kubwerera kumudzi ndi chifuwa cha fumbi. Milu ya mchenga wachikasu mukuiona m'mbali mwa msewu wa M2 ija ndi umboni wake.

Choncho mpatseni wotola wanuyo manja othimbirira amene sayera ngakhale asambe bwanji, moti akalowa mumzinda aliyense azidziwa ntchito yake asanalankhule. Mpatseni kontrakiti, mlonda pachipata, ndi ana amene akudikira ndalama pa dziko lina. Ganiziraninso mmene otolawo amautchulira utotowo pakati pawo, chifukwa dzina lawo silingafanane ndi la amalonda.

Za mtundu wake, musakakamire wa chibakuwa. Mlombwa wathu ukatemedwa umatulutsa madzi ofiira ngati magazi, ndipo anthu akhala akunyikira zinthu. Mukhoza kuyambira pamenepo. Mukamaliza mutu woyamba, nditumizireni ndiwerenge.