Musanasayine kalata ya postdoc, funsani kuti ndalamazo ndi za ndani

Sabata yatha msuweni wanga, amene wangomaliza kumene PhD, ananditumizira pa WhatsApp makalata awiri omupatsa ntchito ya postdoc, ntchito ya kafukufuku ya nthawi yochepa imene munthu amagwira akamaliza PhD. Ina yachokera ku yunivesite yoti ukangoitchula anthu amakupatsa mpando, inayo ku kasukulu koti ngakhale ine ndinachita kukafufuza pa mapu. Akuti, "Achimwene, nditenge iti?" Ndinamufunsa kuti malipiro ake azichokera m'thumba la ndani. Anangoti zii. Ndiye ndati ndilembe pano, poti ambiri mwa inu amene mwafika kumene kunja kuno mukuyang'ana dzina la sukulu basi.

Choyamba, postdoc ili mitundu iwiri, ndipo ine palibe anandiuza. Pali yolembedwa ntchito pa polojekiti ya mwini labu, uja timati PI. Ndalama anazipeza ndi iye, funso la kafukufuku ndi lake, ndipo thumba lake likauma nawe wauma. Ndiye pali fellowship, imene pulani ya kafukufuku umalemba wekha, ndalama n'kubwera m'dzina lako. Malipiro akhoza kufanana, koma mu fellowship PI amakulankhula ngati mnzake, chifukwa wabwera ndi zako.

Ine ndinalowa yoyambayo, nditakomedwa ndi dzina. Kalata inati zaka 2. Pansi pake panali kamzere kakang'ono kakuti ntchitoyi idalira kupezeka kwa ndalama, ndipo ndinakalumpha chifukwa cha chimwemwe. Nditakhala chaka ndi miyezi iwiri, mayi wa ku ofesi ya za antchito anandiitana, n'kundisonyeza pa kompyuta yake tsiku limene ndalama za polojekiti zikutha. Tsikulo linali lodziwika ndisanakwere n'komwe ndege. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Funsani mwaulemu koma mosabisa mawu: ndalamazi akupereka ndani, ndipo zitha liti? Akuyankheni pa imelo, osati pafoni.

Chachiwiri, ma fellowship ali ndi malire a nthawi yopemphera, ndipo wotchi imayamba kuyenda tsiku limene mwapatsidwa PhD, osati limene mwakhazikika. Humboldt Research Fellowship ya ku Germany, gawo la ma postdoc, imafuna kuti mupemphe pasanapite zaka 4. Ya EMBO, bungwe la ku Ulaya la sayansi ya zamoyo, nthawi yake ndi yaifupi kwambiri, zaka 2. Ya Marie Skłodowska-Curie, ya European Union, imalola mpaka zaka 8 za kafukufuku, koma ili ndi msampha wake: usakhale kuti wakhala m'dziko limene ukufuna kukagwirako ntchito miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayo. Choncho ukati ndiyambe ndagwirako kantchito kakang'ono chaka ndi theka kuti ndizolowere dziko, wadzitsekera wekha khomo la dziko lomwelo. Amene muli ku America, musataye nthawi ndi fellowship ya F32 ya NIH, bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo, ngati mulibe unzika kapena green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo. K99/R00, ya NIH yomweyo, ndiyo salabadira za unzika, koma nayo imafuna kuti usapitirire zaka 4 uli postdoc. Malamulowa amasinthasintha, muziwerenga okha a chaka chimenecho. Ine ndinadziwa zonsezi makomo awiri atatsekeka kale.

Tsopano za PI, ndipo apa mundipirire. Musamafunse anthu amene ali mu labu panopa. Viza yawo ili m'manja mwake, kalata yowachitira umboni ili m'manja mwake, angakuuzeni chiyani? Fufuzani amene anachoka. Tsegulani mapepala a kafukufuku amene labuyo inasindikiza zaka zisanu zapitazo, muone amene dzina lake lili koyambirira, poti ndiye amatengedwa kuti anagwira ntchito yaikulu, ndi kumene ali lero, kenako muwalembere awiri kapena atatu. Wina akakuyankhani kuti "tilankhulane pafoni", dziwani kuti pali nkhani.

PI wanga uja ankamwetulira kwambiri pa intavyu. Ndinagwira ntchito miyezi yambirimbiri, Loweruka ndi Lamlungu ndili mu labu, ndikudzuka pakati pa usiku kukasintha masampulo mu makina. Pepala litafika polembedwa, ndinatsegula fayilo n'kupeza dzina langa lili lachitatu, kumbuyo kwa mwana wasukulu amene anajambula zithunzi ziwiri. Nditafunsa, akuti Chingerezi changa chinafunika kukonzedwa kwambiri. Ndinangoti zikomo. Ndikanatani, chikalata changa chokhalira m'dzikomo chili ndi dzina la labu yake? Mpaka lero ndikaliona pepala limenelo mtima umawawa. Nkhani ya dzina loyamba muikambe tsiku loyamba, komanso mufunse kuti mukadzachoka mudzatenga mbali iti ya kafukufukuyo kukayambira zanu. PI wabwino funso limeneli salikwiyira.

Chachinayi, kaya ndi chachitatu, viza. J-1 ya ofufuza ku America imafika zaka 5, koma ena imawamanga ndi lamulo loti abwerere kwawo zaka 2 asanapemphe viza ya ntchito ya H-1B kapena green card, makamaka ngati ndalama zachokera ku boma. Onani zimene zalembedwa pa viza ndi pa fomu ya DS-2019, yopemphera J-1, musananyamuke. Ku Britain, viza ya Skilled Worker imakumangirira kwa okulembawo, pamene ya Global Talent imakulola kusintha labu osayambiranso. Ku Germany kuli lamulo loti makontirakiti a nthawi yochepa m'mayunivesite kawirikawiri asapitirire zaka 6 ukamaliza PhD, zaka 9 kwa a zachipatala. Postdoc si nyumba yokalambiramo.

Za kupita kumakampani kapena kumalabu a boma sindinena zambiri. Anzanga amene analowera kumeneko sadandaula, kungoti kampani ikakuletsa kusindikiza zimene wapeza, kubwerera ku yunivesite kumavuta.

China chimene chandipweteka mwezi uno: ndamva za mtsikana wina amene anatumiza ndalama kwa "pulofesa" woti amusungire malo, kalata yake ya chidindo chokongola, koma imelo ya Gmail. Abale, yunivesite yeniyeni siilipiritsa munthu kuti imulembe ntchito. Ndalama ya viza mumalipira ku boma la dzikolo, osati ku akaunti ya munthu. Chimodzimodzi magazini aja amene amakulemberani okha kuti atulutsa pepala lanu pa sabata imodzi mukalipira. Komiti yosankha anthu ikaona mayina amenewo pa CV, imangoika pambali.

Msuweni wanga ndinamupatsa mafunso atatu oti atumize konse kuwiri: ndalama zitha liti, dzina loyamba likhala la ndani, ndipo anthu awiri amene anachoka posachedwa ndi ati. A kasukulu kaja anayankha tsiku lomwelo, n'kuwonjezera kuti amuthandiza kulemba pempho la fellowship chaka chamawa. Otchuka aja lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi, sanayankhebe.