Kodi osindikiza anandibera inki?

Mayi wina wandilembera imelo ali ndi mtima wopweteka. Anakonza yekha chikuto cha buku lake pa kompyuta, chobiriwira mowala, koma atakatenga mabuku kwa osindikiza anapeza chothimbirira ngati tsamba lofota. Funso lake ndi lakuti kodi anamubera inki.

Ayi mayi, sanakubereni. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pophatikiza kufiira, kubiriwira ndi buluu. Pepala lilibe kuwala kwakekwake, limangobweza kumene kwagwerapo. Makina amagwiritsa ntchito inki zinayi: cyan (buluu wowala), magenta (kufiira kopita ku pinki), yachikasu ndi yakuda, zomwe amazitchula kuti CMYK. Mitundu ina yowala kwambiri inki zinayizi siziifikira, ndipo kubiriwira kwanuko ndi kumodzi mwa mitundu yovutayo. Pepala nalonso lili ndi mbali yake. Losalala lonyezimira limasunga inki pamwamba, pamene lokhakhala limaimwa, mtundu n'kuzilala.

Ndikanakonda mukanaima pambali pa woyendetsa makina osindikizira mabuku otchedwa offset ngakhale kwa ola limodzi. Inki iliyonse ili ndi puleti yakeyake, kachitsulo kopyapyala kokhala ndi chithunzi chosindikizidwacho, ndipo imachoka pa puletiyo kupita pa labala isanafike papepala. Makina akuthamanga, iye amasolola pepala limodzi, n'kuliyala pansi pa nyali yoyera, n'kuwerama ndi kagalasi kokulitsa. Mukasuzumira nanu mumaona kuti chithunzi chonse ndi timadontho tating'onoting'ono. M'mphepete muli timitanda, ndipo tikapanda kugwerana ndendende, nkhope ya munthu imatuluka ngati ili ndi mthunzi. Amasintha pang'ono, n'kusololanso lina. Mapepala oyamba onsewo amatayidwa. Zimandiwawa kuti munthu wosamala chonchi ndi amene amayamba kunenedwa zinthu zikalakwika, pamene dzina lake silipezeka ngakhale patsamba lomaliza la buku.

Ulendo wina sinthani fayilo yanu ikhale ya CMYK musanaitumize, zithunzi zikhale za 300 dpi (timadontho 300 pa inchi imodzi), ndipo mtundu upitirire m'mphepete ndi mamilimita 3 kuti mpeni wodulira usasiye kamzere koyera. Chachikulu, pemphani pulufu, yomwe ndi chitsanzo chosindikizidwa choti muvomereze, makamaka papepala lomwe adzasindikizirepo, muione masana musanasaine. Apa ndiye ndingawadzudzule ngati sanakupatseni, chifukwa mukanaona vutoli makina asanayambe. Ngati kubiriwira kumeneko simungakusiye, afunseni za inki ya Pantone, yosakanizidwa payokha, imene imaikidwa ngati mtundu wachisanu.