Kwa mayi wa ku Kapata: mwana wanu wampira, lamulo la Zambia ndi malamulo a FIFA

Amayi,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati mwana wanu wamwamuna, wa zaka 23, amasewera mpira mu timu ina ya kuno kum'mawa, ali ndi kontilakiti yolembedwa ndipo amalandira malipiro pamwezi. Mwezi wathawu anakuululirani kuti mtima wake umakonda amuna anzake. Mnzake wina wa mu timu anaona mameseji mu foni yake, ndiye akufuna K2,000 kuti atseke pakamwa. Kochi wamuika pabenchi, malipiro a miyezi iwiri sanalandire, ndipo akuluakulu a timu ayamba kunong'onezana zomuchotsa. Mwanayo watopa ndi kubisala, akuti angolemba pa Facebook monga anachitira osewera ena ku Ulaya, nkhani ithe. Mwafunsa ngati angamangidwe, ngati timu ingamuchotse, komanso ngati FIFA ingamuteteze.

Musanamve za malamulo, dziwani kuti mwachita bwino kusamuthamangitsa pakhomo. Mnyamata amene alibe kothawira ndi amene amalipira omuopseza mpaka kugulitsa nsapato zake zosewerera.

Lamulo lolanga milandu m'dziko muno, Penal Code, Chaputala 87, tinalilandira kwa atsamunda a ku Britain pamene dziko linkatchedwa Northern Rhodesia. Gawo 155 limaletsa chimene limachitcha kugonana kosemphana ndi chilengedwe, ndipo kuchokera pamene analikonzanso mu 2005 chilango chake chimayambira pa zaka 15 kundende, chingathe kufika moyo wonse. Gawo 156 limalanga kuyesa kuchita zimenezo, zaka 7 mpaka 14. Gawo 158 limalanga zonyansa zochitidwa pakati pa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, kaya pagulu kaya kuchipinda, nalonso zaka 7 mpaka 14. Kugwirizana kwa anthu awiri akuluakulu sikuchotsa mlandu. Sindikubisirani, lamuloli ndi lamoyo. Amuna awiri a ku Kapiri Mposhi anapezeka olakwa mu 2018, khoti lalikulu linawapatsa zaka 15 mu Novembala 2019, ndipo anatuluka mu Meyi 2020 chifukwa Pulezidenti Edgar Lungu anawakhululukira.

Koma mumvetse bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Magawo atatuwa amalanga zochita. Palibe ngakhale limodzi limene limati munthu amangidwe chifukwa cha mmene mtima wake ulili, mmene amayendera, kapena chifukwa anthu akumunena pamsika. Boma likamuimba mlandu liyenera kutsimikizira khoti, popanda chikaiko, kuti pa tsiku lakuti, pamalo akuti, anachita chakuti ndi uje. Amuna ena awiri, a ku Kapiri Mposhi komweko, anagwidwa mu 2013 ndipo khoti linawamasula mu Julayi 2014 chifukwa umboni unaperewera. Komabe anali atakhala m'chitokosi kupitirira chaka akudikira chigamulo. Naye Paul Kasonkomona anagwidwa mu Epulo 2013 atangotuluka ku Muvi TV kumene analankhula zoti anthu oterewa ali ndi ufulu. Khoti la majisitireti linamumasula mu Febuluwale 2014, ndipo khoti lalikulu linakana apilo ya boma mu 2015. Ndiye kulankhula pakokha si mlandu, koma taonani kutalika kwa njira imene anthuwa anayenda asanamve mawu akuti alibe mlandu.

N'chifukwa chake za Facebook ndikuti ayambe waima. Sindikunena kuti achite manyazi. Ndikunena kuti mawu olembedwa ndi dzanja lake angapatse apolisi poyambira kufufuza, kumuitana, kumulanda foni ndi kufunsa anzake. Angaikenso pamoto munthu wina amene sanavomere kuululidwa. Osewera amene akuwasirirawo analankhula ali pansi pa malamulo ena. Josh Cavallo wa Adelaide United anadziulula mu Okutobala 2021 ku Australia, Jake Daniels wa Blackpool mu Meyi 2022 ali ndi zaka 17, Jakub Jankto wa timu ya dziko la Czech Republic mu Febuluwale 2023. Kwawoko palibe wapolisi amene akanawagogodera pakhomo. Ngakhale kumeneko sizinabwere mosavuta. Justin Fashanu, woyamba kudziulula ku England mu 1990, anakanidwa ndi ambiri m'mpira ndipo anadzipha ku London mu 1998. Ku South Africa, kumene malamulo aakulu a dziko a 1996 amaletsa tsankho lotere, Eudy Simelane amene anasewerapo mu Banyana Banyana, timu ya amayi ya dzikolo, anaphedwa mwankhanza ku KwaThema mu 2008. Mwana wanu awadziwe onsewa, osati okhawo amene anaomberedwa m'manja. Chosankha ndi chake, pakuti ndi munthu wamkulu, koma asankhe ali m'maso, atakhala pansi ndi loya, osati usiku ali ndi mkwiyo foni ili m'manja.

Asaganizenso kuti akadumpha malire pa Mwami kulowa m'Malawi wapulumuka. Ku Malawi chilango chimafika zaka 14, ndipo khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuchotsa lamulolo mu Juni 2024. Mozambique, kuseri kwa Chanida, inachotsa lake mu 2015, ndipo ku Botswana makhoti analithetsa mu 2019 ndi 2021.

Tibwere kwa mnzake wa K2,000 uja. Iyeyo ndiye wapalamula mlandu woonekeratu. Kufuna ndalama kwa munthu pomuopseza kuti umunenera mlandu ndi mlandu waukulu mu Penal Code yomweyo, ndipo wopsezayo sangadziteteze ponena kuti zimene amafuna kuululazo ndi zoona. Mwana wanu asalipire ngakhale ngwee imodzi, chifukwa wolandira lero amabweranso mawa ndi mtengo wokwera. Asunge meseji iliyonse yomuopseza, nambala imene akuti atumizeko ndalama, tsiku ndi nthawi. Asayankhe zambiri, asapepese, asafotokoze za moyo wake. Koma kupolisi asapite yekha. Wodandaula wotere amatha kulowa ngati mboni n'kutuluka ali woimbidwa mlandu. Kawirikawiri kalata ya loya yopita kwa wopsezayo, yomuuza dzina la mlandu umene wapalamula, imakwanira kumuziziritsa. Ikakanika, loyayo ndiye aperekeze mwana wanu kukadandaula.

Tsopano za ntchito, kumene ali ndi mphamvu kuposa mmene akuganizira. Ndime 4 ya malamulo aakulu a FIFA imaletsa kusala munthu pa zifukwa zambiri, ndipo imatchula mwachindunji za amene munthu amakopeka naye. Malamulo a FIFA olanga osamvera amati wosewera kapena mkulu wa timu wonyoza mnzake mwa njira imeneyi aimitsidwe masewero osachepera 10. FAZ, bungwe loyendetsa mpira m'Zambia, ndi membala wa FIFA kuyambira 1964, choncho iyenera kulemekeza zimenezi. Koma FIFA siuza wapolisi wa ku Chipata zochita, ndipo singafafanize gawo 155. Khoti lake la mikangano ya makontilakiti limaweruza makamaka pamene wosewera ndi timu ali a mayiko osiyana. Mzambia wosewera mu timu ya ku Zambia nkhani yake imayambira ku FAZ kapena ku makhoti athu.

Ndikuuzeninso zoona: ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko lathu, imene imaletsa tsankho, sitchula nkhani imeneyi, ndipo Employment Code Act ya 2019 nayonso siitchula pa mndandanda wake. Choncho ine sindingamange mlandu wa mwana wanu pa mawu akuti tsankho okha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Chimene chili pamphuno pathu ndi kontilakiti. Gawo 52 la lamulo la 2019 lija limati bwana sangachotse wantchito popanda chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake pantchito, luso lake, kapena zosowa za kampani, ndipo pa nkhani ya khalidwe kapena luso ayenera kuyamba wamumva. Ndi bwana amene ayenera kuonetsa kuti chifukwacho chinali chachilungamo. Mphekesera si chifukwa. Kung'ung'udza kwa ochemerera si chifukwa. Mnyamata amene safika mochedwa ku mapulakatisi, amene sanapezeke wolakwa m'khoti lililonse, akachotsedwa pa zonong'ona ali ndi poyambira kufuna chipukuta misozi.

Malamulo a mpira amanena zofanana. Kontilakiti imatha nthawi yake ikakwana, kapena mbali zonse zikagwirizana, kapena pakakhala chifukwa chokwanira. Timu yoiphwanya popanda chifukwa imalipira. FIFA imanenanso kuti kuzunza wosewera n'cholinga choti atope achoke yekha kumamupatsa iyeyo ufulu wothetsa kontilakiti. Kukhala pabenchi pakokha si kuzunzidwa, pakuti kusankha osewera ndi udindo wa kochi. Koma kumuletsa mapulakatisi, kumuthamangitsa kukampu, kumumana malipiro anzake akulandira, zimenezo zikaunjikana zimalankhula. Pa malipiro, muyeso wa FIFA ndi wakuti timu ikalephera kulipira miyezi iwiri, wosewera ailembere kalata yoipatsa masiku osachepera 15, ikapanda kulipira angathe kuchoka. Kalatayo ailembe sabata ino, yaifupi, yonena za ndalama zokha, ndipo asunge kope losainidwa ndi amene walandira. Koma asachoke mu timu loya asanayerekeze kontilakiti yake ndi malamulo a FAZ.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi pepala limene adzamuikira patebulo lakuti tagwirizana kusiyana mwamtendere. Akasaina limenelo, zambiri zimene ndalemba pamwambapa zapita ndi madzi. Anene mwaulemu kuti akufuna kukaliwerenga kunyumba. Apitirize kufika ku mapulakatisi tsiku lililonse, kuti asadzanene kuti anathawa ntchito. Akamuchotsa, apemphe kalata yonena chifukwa, ndipo pasathe masiku 30 asanadandaule, kaya ku ofesi ya leba kuno ku Chipata kaya ku nthambi ya khoti lalikulu yoona za antchito. Bungwe la osewera mpira la FAWUZ lilipo pothandiza pa mikangano ya malipiro, ndipo kumeneko sayenera kufotokoza za mtima wake kuti athandizidwe.

Nanga apolisi akabwera? Asalimbane nawo. Afunse chifukwa chimene akumugwirira, pakuti ndime 13 ya malamulo aakulu a dziko lathu imati auzidwe m'chinenero chimene akumva. Apereke dzina ndi kumene amakhala, kenako anene kuti salankhula china loya wake asanafike. Pa warn and caution, pamene apolisi amamuchenjeza n'kulemba mawu ake, ali ndi ufulu wokhala chete kapena kungoti akukana mlandu, ndipo asasaine pepala limene sanaliwerenge. Milandu yambiri yotere imamangidwa pa pakamwa pa mwini wake, atalonjezedwa kuti ukavomera tikumasula. Chivomerezo chokakamizidwa ndi zibakera kapena malonjezo khoti lingachikane, koma kuchikanitsa ndi nkhondo imene ndi bwino kuipewa. Pa foni, afunse chikalata cha khoti chowalola kufufuza ndipo anene momveka kuti sakuvomereza. Ndikuchenjezeni kuti makhoti athu, kutsatira mlandu wa Liswaniso wa 1976, amatha kulandira umboni wa zinthu ngakhale unapezedwa mosatsata njira.

Akafuna kupita naye kuchipatala kukamupima kumalo obisika, akane, ndipo auze dokotala kuti alembe kuti wakana. Kupima kumeneku kwachitikapo m'milandu ya m'dziko muno. Akatswiri a United Nations oona za kuzunza anthu amati ndi nkhanza ndipo sikutsimikizira kanthu, khoti la apilo la ku Kenya linakuletsa mu 2018, ndipo ndime 15 ya malamulo aakulu a dziko lathu imaletsa kuchitira munthu zomuchotsera ulemu. Ine ndimakhulupirira kuti palibe mwana wa munthu woyenera kuchitidwa zimenezo, kaya akuganiziridwa mlandu wanji.

Lamulo limafuna kuti wogwidwa popanda chikalata aonekere kukhoti msanga, muyeso wake ndi maola 24, apo ayi aganiziridwe za polisi bondi. Bondi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mulipire, kadandauleni ku Police Public Complaints Commission. Konzekeranitu anthu awiri omuimirira, okhala ndi malo odziwika ndiponso ntchito, ali ndi ma NRC awo. Mlanduwu suli m'gulu la milandu yoletsedwa belo monga kupha munthu, koma khoti lili ndi mphamvu yokana, choncho pempho la belo likonzedwe bwino. Mlandu umazengedwa kwa majisitireti, ndipo chilango chikaposa mphamvu zake amautumiza ku khoti lalikulu. Ngati ndalama za loya palibe, Legal Aid Board ili ndi ofesi kuno ku Chipata, chimodzimodzi Human Rights Commission. Wina akamumenya kapena kumuopseza kuti amupha, umenewo ndi mlandu ngati wochitira munthu wina aliyense. Atenge fomu ya kupolisi, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Inunso, amayi, dzisamaleni pakamwa. Kumva zimene mwana wakuuzani za mtima wake si mlandu. Koma zimene munthu wauza loya wake lamulo limaziteteza, pamene zimene wauza mayi ake, amalume ake kapena mnzake wa mu timu khoti lingathe kuwaitana kuti akazinene. Choncho musamufunse mayina kapena zambiri, ndipo nkhaniyi isapite ku msonkhano wa banja kapena ku gulu la amayi a kutchalitchi, ngakhale pofuna mapemphero.

Popita kwa loya, atenge kontilakiti, umboni wa malipiro omaliza amene analandira, mameseji a wopseza uja, ndi kapepala kolemba masiku amene anayamba kuikidwa pabenchi ndi amene analankhula chiyani. Mumuperekeze, koma polowa m'chipinda mumusiye alowe yekha.

Ine wanu,
Loya, Chipata