Za ma asidi othira m'chakudya cha ng'ombe zonenepetsa

Achimwene, mwafunsa ngati ma organic acid aja, ma asidi othira m'chakudya monga malic acid, fumaric acid ndi propionic acid, amathandizadi ng'ombe kugaya chakudya. Amathandiza koma osati ngati momwe ogulitsa amakokomezera.

Nkhani ili m'chifu chachikulu cha ng'ombe. Mukaipatsa madeya ambiri nthawi imodzi, tizilombo ta m'chifumo timapanga lactic acid wochuluka, pH (muyeso wa asidi, womwe umatsika asidi akachuluka) imatsika pansi pa 5.5, ndiye mumaona ndowe zamadzimadzi zathovu, ng'ombe yasiya kubzikula, yangoima ndwii osadya. Malic acid ndi fumaric acid amalimbikitsa bakiteriya wina, Selenomonas ruminantium, kuti adye lactic acid uja nkumusandutsa chinthu china chotchedwa propionate, chomwe chiwindi chimapangira shuga. Koma propionic acid wothira m'chakudya ntchito yake yambiri ndi kuteteza chakudya ku chuku.

Koma kunena zoona kunenepa sikuti kumasintha nthawi zonse, ndipo mtengo wa ma asidiwa mmm. Ine zanga ziwiri zinatsegula m'mimba chifukwa ndinathamangira madeya, chomwe chinandithandiza ndi kuwonjezera pang'onopang'ono kwa masabata awiri kapena atatu, mapesi ndi udzu osasowa mu chodyeramo. Yambani pamenepo kaye, za asidi mukambirane ndi alangizi a ziweto.