Mwana wanga amasokoneza mitundu: kodi vuto ndi maso?

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 6 ali mu Sitandade 1. Akafunsidwa mtundu wa thambo amati ndi lobiriwira, ndipo aphunzitsi atamupatsa mapepala ofiira kuti awandandalike kuyambira lowala mpaka loderapo, anangowasakaniza. Kodi maso ake ali bwino? Ndine mayi wa ku Chibavi, Mzuzu.

YANKHO: Mayi, musafulumire kuda nkhawa, chifukwa kuona mtundu, kuutchula ndi kuundandalika ndi maluso atatu amene sakhwima nthawi imodzi. Maso ndiwo amatsogola, moti khanda la miyezi 4 limasiyanitsa kale chofiira, chachikasu, chobiriwira ndi chabuluu. Mayina amabwera mochedwa. Ngakhale Charles Darwin, wasayansi wotchuka wa ku England, analemba mu 1877 kuti ana ake ali aang'ono ankalephera kutchula mitundu mpaka iye anakayikira ngati amaiona, chonsecho mayina a zinthu zina ankawadziwa bwino.

Zoti thambo ndi lobiriwira sizikundidabwitsa. Mu 1969 akatswiri ofufuza a ku America, Brent Berlin ndi Paul Kay, atayerekeza zilankhulo zambiri anapeza kuti mayina a choyera, chakuda ndi chofiira ndiwo amayamba kupezeka, pomwe dzina lapadera la buluu limabwera pambuyo, ndipo zilankhulo zambiri, monga Chizulu, zimatchula buluu ndi chobiriwira ndi mawu amodzi. Ifenso buluuyo tinachita kubwereka. Kuno ku Mzuzu mwana amasenzanso katundu wina, pakuti kwa anzake amamva Chitumbuka, kunyumba Chichewa, kusukulu Chingerezi. Chimene mnzake akuti chituŵa ndi choyera, koma inu mukati chotuwa mukunena mtundu wa phulusa.

Kundandalika nako kuli ndi msinkhu wake. Jean Piaget, katswiri wa kakulidwe ka ana wa ku Switzerland, anaona kuti ana ambiri amayamba kusanja timitengo kuyambira kakafupi mpaka kakatali mosaphonya akafika zaka pafupifupi 7. Asanafike pamenepo amayerekeza zinthu ziwiriziwiri, osatha kugwira m'mutu kuti pepala limodzi lomwelo ndi loderapo kuposa ili koma lowala kuposa ilo. Choncho zimene anachita mwana wanu ndi za msinkhu wake, ndipo kumukalipira sikungafulumizitse kanthu.

Chimene mungachite kunyumba ndi kumuyesa popanda kutchula dzina la mtundu uliwonse. Pemphani tizidutswa ta nsalu kwa telala, munyamule kamodzi n'kumuuza kuti, "Ndipezere tinzake tofanana ndi aka." Akasankha molondola, ndiye kuti mwina maso ali bwino ndipo chatsala ndi mayina okha. Koma akamaphatikiza mobwerezabwereza tofiira ndi tobiriwira, kapena akamavutika kutola tomato wakupsa pakati pa wosapsa, pamenepo m'pofunika kumuyezetsa.

M'diso muli mitundu 3 ya timaselo tolandira mitundu ya kuwala, ndipo ena amabadwa timaselo ta mtundu umodzi tisakugwira bwino ntchito. Vutoli ndi lakumtundu ndipo nthawi zambiri mwana wamwamuna amalitengera kuchimayi, n'chifukwa chake limapezeka kwambiri mwa anyamata kuposa atsikana. Achipatala cha maso, monga ku Mzuzu Central Hospital, amayeza ndi zithunzi za timadontho tamitundumitundu tobisa nambala, zimene dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, anatulutsa mu 1917. Mwana wodziwa manambala amatha kuyezedwa mosavuta.

Vuto lobadwa nalo lilibe mankhwala, koma silikula ndiponso silichititsa khungu. Likapezeka muwadziwitse aphunzitsi, kuti asamadalire choko chamitundu pofuna kusiyanitsa zinthu pabolodi, ndipo pa krayoni aliyense wa mwanayo mulembepo dzina la mtundu wake.