Funsani Dokotala: Bwanji jakisoni sanaletse khunyu la mlongo wanga?

Funso: Adokotala, mlongo wanga wa zaka 24 amadwala khunyu kuyambira ali mwana. Mwezi watha anagwa usiku n'kuyamba kuphupha osaleka. Tinadikira poganiza kuti zileka zokha ngati masiku onse, kenako tinavutika kupeza galimoto, moti pofika kuchipatala n'kuti patatha pafupifupi ola. Anamubaya diazepam kawiri koma sizinaleke, mpaka anamuika dripi ya mankhwala ena. Mwana wanga wawerenga pa intaneti kuti ketamine amaletsa khunyu lotere pa makoswe. Bwanji sanamupatse ameneyo? Kapena diazepam uja anali wotha mphamvu?
Mayi wa ku Chawama

Yankho: Pepani mayi ndi zimene zinakuonekerani usiku umenewo. Za diazepam wotha mphamvu ndikukayika. Chimene chinasintha mu ola lija ndi ubongo wa mlongo wanu, ndipo makoswe amene mwana wanu wawerengawo ndi omwe anatithandiza kudziwa zimenezi.

Kawirikawiri munthu akagwa khunyu amaphupha mphindi imodzi kapena ziwiri n'kuleka yekha. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwa kachiwiri asanatsitsimuke, ife timati wafika pa status epilepticus. Pamenepo mwayi woti zileke zokha umachepa kwambiri, ndipo zikadutsa mphindi 30 ubongo ungayambe kuwonongeka. M'zaka za m'ma 1970, Brian Meldrum ndi anzake anaona pa anyani kuti ngakhale nyani apatsidwe mpweya wokwanira ndi mankhwala oti thupi lisagwedezeke, maselo a mu ubongo ankawonongekabe khunyu likapitirira. Ndiye thupi kungoleka kugwedezeka si umboni woti m'mutu mwakhala bata. N'chifukwa chake timada nkhawa ndi wodwala amene waleka kuphupha koma sakudzuka.

Tsopano za makoswe. Ofufuza amabaya khoswe mankhwala monga pilocarpine kuti agwe khunyu losaleka, kenako amayesa kuliletsa pa nthawi zosiyanasiyana. Mu 1997, Jaideep Kapur ndi Robert Macdonald anapeza kuti khoswe amene waphupha mphindi 45 amafunika diazepam wochuluka pafupifupi maulendo 10 kuposa amene waphupha mphindi 10 zokha. Mankhwala ndi omwewo, kusiyana kwake ndi nthawi basi.

Chifukwa chake chinadziwika bwino cha m'ma 2005. Ubongo uli ndi mabuleki ake, monga minibasi, ndipo ulinso ndi popondera mafuta. Mabulekiwo amayendera chinthu chotchedwa GABA, ndipo diazepam amagwira ntchito pomata pa timalo ta GABA timene tili kunja kwa maselo. Khunyu likatenga nthawi, maselo amakokera timalo timeneti mkati, moti diazepam akafika amapeza pogwira pachepa. Nthawi yomweyo timalo tina totchedwa NMDA, timene timathamangitsa ubongo, timachuluka. Mlongo wanu anafika kuchipatala zimenezi zitachitika kale. Amene anasiya kuwonjezera diazepam n'kupita ku dripi anachita bwino, chifukwa jakisoni wachitatu kapena wachinayi amafooketsa kupuma osaletsa khunyu.

Ketamine amatseka timalo ta NMDA tija, n'chifukwa chake pa makoswe amagwira ntchito mochedwa, pamene diazepam wafooka. Gulu la Claude Wasterlain ku Los Angeles linaonetsanso kuti kuphatikiza midazolam (mankhwala a gulu limodzi ndi diazepam), ketamine ndi mankhwala a khunyu otchedwa valproate kumaletsa khunyu la makoswe kuposa kungowonjezera midazolam yekha. Mwana wanu sanawerenge zabodza ayi. Ndipo ketamine si wachilendo kuno. Alimo m'zipatala zathu, timagonetsera anthu pa opaleshoni.

Koma khoswe wa mu labotale ndi wathanzi, khunyu lake lachita kuyambitsidwa dala, ndipo wofufuza ali pomwepo ndi wotchi m'manja. Odwala amene timalandira ife ndi mwana wa malungo a mu ubongo, bambo amene wasiya mowa mwadzidzidzi, mnyamata amene wamwa mankhwala ophera tizilombo ta m'dimba, munthu wa HIV amene ali ndi matenda oumitsa khosi, kapena amene shuga wake watsika. Aliyense ali ndi chake chofunika kuchiza. Mayi woyembekezera amene BP yake yakwera n'kuyamba kuphupha, mwachitsanzo, amafunika magnesium sulphate. Tinaonapo kale mankhwala ochita bwino pa nyama akugwa mphwayi pa anthu: brexanolone ankalonjeza zambiri, koma atayesedwa pa odwala khunyu losamva mankhwala, zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti sanapose mankhwala ongoyerekezera. Pakadali pano ketamine amagwiritsidwa ntchito makamaka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, mankhwala oyamba ndi achiwiri akalephera, pamene pali wina woyang'anira kupuma ndi BP.

Dripi imene inathandiza mlongo wanu mwina inali ya phenobarbital kapena phenytoin. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa ESETT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anayerekeza levetiracetam, fosphenytoin ndi valproate pa anthu amene jakisoni woyamba anakanika. Palibe amene anapambana mnzake, ndipo aliyense anathandiza pafupifupi theka la odwala. Theka lokha! Ine ndikawerenga chiwerengero chimenechi ndimaona kuti phindu lalikulu lili pa mphindi zoyambirira, pamene diazepam wotchipa uja akadali ndi pogwira.

Choncho akagwanso, wina ayang'ane nthawi pa foni pomwepo, chifukwa pamantha mphindi sitiziwerenga bwino. Muchotseni pafupi ndi mbaula kapena madzi, muikireni chitenje pansi pa mutu, mumugoneke chammbali. Musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, ndipo thovu la m'kamwa mwake silipatsirana matenda. Mphindi 5 zikakwana, nyamukani. Pitani kuchipatala chapafupi kwambiri, osati kulimbana ndi msewu wa ku chipatala chachikulu cha UTH mu Lusaka. Kwanu ku Chawama chipatala chilipo, ndipo akaona kuti n'zofunika adzakutumizani okha. Nambala ya mnansi wa galimoto kapena wa takisi woyenda usiku ikhale m'foni mwanu kuyambira lero.

Pa tsiku lake la kiliniki mupite naye limodzi. Funsani ngati n'kotheka kukhala ndi diazepam wolowetsa kumatako kunyumba, ndipo akuphunzitseni kaperekedwe kake ndi mlingo woyenera thupi lake. Chinanso chimene simunatchule m'kalata yanu: masiku a m'mbuyo mwa usiku uja, mapiritsi ake ankamwa tsiku lililonse? Kwa munthu wa khunyu lakalekale, kudumphitsa phenobarbital kapena carbamazepine ndi chimodzi mwa zifukwa zofala za kuphupha kosaleka, kaya anaiwala, anamwa mowa, kapena mapiritsi anatha mwezi usanathe. Mufunseni mofatsa, osamukalipira, ndipo zimene angayankhe mukauze dokotala wake asanamusinthire mankhwala.