Bokosi la masiwichi a ndege ya pakompyuta: mungalipange bwanji pakhomo?

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wokhala ku Chirimba, ndipo mwana wanga amene ali Fomu 3 watengeka mtima ndi zoyendetsa ndege pakompyuta, mwina chifukwa choonerera ndege zopita kukatera ku Chileka. Amasewera Microsoft Flight Simulator pakompyuta imene amalume ake anamusiyira, koma akudandaula kuti kuyatsa injini ndi nyali pogwiritsa ntchito kiyibodi sikukoma. Ndamugulira masiwichi khumi a galimoto kumsika wa Limbe, ndipo mnzanga watibwereka kabolodi ka Arduino Uno, koma titalumikiza, kompyuta sikuwaona masiwichiwo. Kodi talakwitsa pati? Komanso masiwichi ena ali ndi tinyali mkati. Kodi tilumikize batire ya mavolti 12 kuti tiziyaka?

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambira kumapeto kwa funso lanu, chifukwa kumeneko n'kumene kuli ngozi yowononga katundu wa eni ake. Batire ya mavolti 12 isayandikire kabolodiko kudzera m'masiwichi. Mapini a Arduino Uno, amene ndi malo olumikizapo mawaya pakabolodiko, amagwira ntchito ndi mavolti 5, ndipo mphamvu imeneyi amaitenga kuchingwe cha USB, choncho mavolti 12 akalowa papini kabolodi kamapsa nthawi yomweyo, ndipo nthawi zina vutolo limafika mpaka padoko la USB la kompyuta. Siwichi ya galimoto yokhala ndi kanyali imakhala ndi miyendo itatu. Inu pezani ndi mita yoyezera magetsi miyendo iwiri imene imakhudzana siwichi ikayatsidwa, wachitatuwo muusiye osalumikiza. Tinyalito sitiyaka, koma palibe chimene mutaye.

Kuti kompyuta isawaone masiwichi si kulakwa kwa manja anu. Mtima wa Arduino Uno ndi chip chotchedwa ATmega328P, chimene pachokha sichitha kudzionetsa kwa kompyuta ngati joystick kapena kiyibodi. Muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kusunga Uno yemweyo n'kuika pakompyuta pulogalamu yaulere yotchedwa MobiFlight, imene imamva zimene kabolodi kakunena n'kuzipereka kwa ndegeyo. Yachiwiri, imene ine ndimaikonda kwa munthu woyamba kumene, ndi kupeza Arduino Leonardo kapena kamng'ono kake kotchedwa Pro Micro. Timeneti tili ndi chip cha ATmega32U4, ndipo mukaikamo code (malangizo amene mumalemba pakompyuta n'kuwatumiza m'kabolodi) yogwiritsa ntchito Joystick library (malangizo olembedwa kale a ntchito imeneyi), Windows imationa ngati chowongolera masewera wamba, moti bokosi lomwelo lidzagwiranso ntchito ndi masewera ena a ndege monga X-Plane kapena FlightGear, imene ndi yaulere. Leonardo ili ndi mapini 20, okwanira masiwichi anu khumi ndi kiyi ya injini. Mukasankha Pro Micro, lilimbitseni ndi guluu doko lake la USB musanayambe ntchito, chifukwa limathothoka msanga chingwe chikakokedwa mwamphamvu.

Kalumikizidwe kake n'kosavuta. Mwendo umodzi wa siwichi iliyonse upite papini yakeyake, ndipo mwendo winawo ulumikizidwe kuwaya mmodzi wodutsa masiwichi onse n'kukathera papini ya kabolodi yolembedwa GND. Mu code pini iliyonse muilembe kuti INPUT_PULLUP, kuti musavutike ndi kugula ma resistor akunja, tizipangizo tochepetsa mphamvu ya magetsi. Mawaya musagule atsopano: chingwe chakale cha intaneti mukachisenda mupezamo mawaya 8 amitundu yosiyana, ndipo mitunduyo idzakuthandizani tsiku limene siwichi ina idzasiya kugwira ntchito. Muwotcherere ndi mtovu, osangopotokola ndi zala, ndipo ngati mulibe chowotcherera, okonza mafoni ndi mawailesi ku Ndirande kapena ku Limbe komweko ntchito imeneyi amaidziwa bwino. Mukamaliza, ngati mwasankha Leonardo kapena Pro Micro, lembani joy.cpl pamalo ofufuzira mu Windows kuti mutsegule poyesera zowongolera masewera, ndipo siwichi iliyonse mukaikhudza muone kabwalo kofiira kakuyaka. Musatsegule ndege izi zisanatheke.

Tsopano ndifike pa vuto limene simunafunse, koma limene mukumana nalo sabata yoyamba yomweyo. Kompyuta inazolowera batani, chinthu chimene munthu amadina n'kuchisiya, pamene siwichi ikakwezedwa imakhala pomwepo mpaka wina aitsitse. Mu Microsoft Flight Simulator zinthu zambiri zili ndi lamulo lotchedwa toggle, limene tanthauzo lake ndi lakuti chozima chiyake, choyaka chizime. Mukapereka lamulo limeneli kwa siwichi yanu, mwana adzaikweza nyali yoterera n'kuyaka, adzaitsitsa nyaliyo n'kukhalabe chiyakire, ndipo akadzaikwezanso m'pamene idzazime. Pakatha mphindi zochepa, zimene bokosi likuonetsa ndi zimene zili m'ndege zimakhala zitasemphana, ndipo bokosi lonama chotere ndi loipa kuposa kiyibodi imene mwana wanu akuidandaula, chifukwa limamuphunzitsa kusakhulupirira zala zake.

Mankhwala ake ndi kuipatsa siwichi iliyonse manambala awiri a mabatani. Code iziyang'ana kusintha kokha: siwichi ikakwera, idine batani loyamba kwa kanthawi kochepa, ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi, n'kulisiya, ndipo ikatsika idine lachiwiri chimodzimodzi. Kenako m'ndege batani loyamba mulipatse lamulo loyatsa basi, lachiwiri lamulo lozimitsa basi, paliponse pamene malamulo awiriwa alipo padera. Mukatero, ngakhale ndege itayamba nyali ili yoyaka pamene siwichi ili pansi, kungoikweza ndi kuitsitsa kamodzi zonse zigwirizana. Masiwichi khumi adya mabatani 20, ndipo Joystick library imapereka 32 musanasinthe chilichonse. Ogwiritsa ntchito MobiFlight amachita zomwezi popanda kulemba code, chifukwa pulogalamuyo imafunsa padera chochitika siwichi ikatsekedwa ndi chochitika ikatsegulidwa.

Pali kanthu kena kobisika. Zitsulo za mkati mwa siwichi zikamakumana zimadumphadumpha kangapo zisanakhazikike, mwachangu choti khutu silimva, koma kabolodi kamawerenga kudumpha kulikonse ngati kudina kwatsopano. Masiwichi a kaunjika ochotsedwa m'magalimoto akale ndiwo amanyanya. Muiuze code kuti ikaona kusintha idikire mamilisekondi 20 mpaka 50 isanavomereze kuti siwichi yasunthadi.

Za masiwichi oti muike, musatengeke ndi zithunzi za Boeing kapena Airbus. Tengerani Cessna 172, kandege ka mipando inayi kamene oyendetsa ndege ambiri padziko lonse amaphunzirirapo, ndipo masiwichi anu khumi akwanira ndendende: BAT ya batire ndi ALT ya alitaneta yotchaja batire, zimene m'ndege yeniyeni ndi siwichi yofiira yogawika pakati, kenako AVIONICS ya mawailesi ndi zida zolondolera njira, pampu ya mafuta, nyali zisanu zotchedwa BEACON, LAND, TAXI, NAV ndi STROBE, ndi PITOT HEAT yotenthetsa kapaipi koyezera liwiro kuti kasatsekeke ndi madzi oundana. Mayinawo muwalembe m'Chingerezi monga alili m'ndege, chifukwa ndi amene mwanayo adzawapeze akadzakwera yeniyeni. Kiyi ya injini ili ndi malo asanu: OFF, R, L, BOTH ndi START. Kiyi ya galimoto siigwirizana ndi zimenezi, choncho funani siwichi yozungulira ya malo angapo, ndipo START muiike pabatani lapadera lobwerera lokha, popeza m'ndege kiyi imabwerera pa BOTH injini ikalira.

Bokosilo kalipentala aliyense angakukhomereni ndi zidutswa za pulayiwudi. Chimene ndingakuchenjezeni ndi chakuti muyambe mwajambula pakatoni, mubaye masiwichi pamenepo, ndipo mwana ayese ndi dzanja lake ngati sakugunda awiri nthawi imodzi, chifukwa bowo likabooledwa pathabwa silibwerera. Bokosi likhale lolemerako kapena lomangidwa patebulo, apo ayi lizithawa nthawi iliyonse siwichi yolimba ikakankhidwa.

Poyesa koyamba, sankhani bwalo la Chileka, limene pakompyuta limadziwika ndi zilembo FWCL, ndipo ndege muiyambitsire pamalo oimikapo, osati pamsewu wonyamukira, kuti muipeze zonse zili zozima monga masiwichi anu onse ali pansi. Mwana akweze BAT ndi ALT, aone ngati zida zadzuka, ayatse BEACON yochenjeza anthu kuti injini ili pafupi kulira, kenako adine START, AVIONICS ikadali yozima mpaka injini itakhazikika. Siwichi imene ichite zosemphana ndi dzina lake muilembe papepala, ndipo musanamasule waya uliwonse bwererani ku joy.cpl: ngati kumeneko nambala yoyenera ikuyaka, mawaya anu ali bwino, ndipo choti mukonze ndi lamulo limene munapereka m'ndegemo.